Penti ya kirimu kapena yotuwa pabalaza: ndithandizeni kusankha

Abale ndi alongo, ndikupempha nzeru kwa inu amene munapentapo nyumba kuno ku Lusaka. Tikumalizitsa nyumba yathu ku Chalala, ndipo pabalaza tatsala ndi mitundu iwiri ya penti ya madzi ya PVA, wa kirimu ndi wotuwa pang'ono ngati phulusa.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi fumbi lofiira limene mphepo imalowetsa m'nyumba kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa mu Novembala, osanenanso za zala za ana zimene zimatsalira pakhoma pafupi ndi chitseko. Akazi anga akuti mtundu wa kirimu umabisa fumbi lotere, pamene ine ndikuona kuti wotuwa ukugwirizana bwino ndi matailosi athu oyera. Nditapaka pang'ono pakhoma kuti ndiyese, wotuwawo unakongola masana chifukwa zenera lalikulu linayang'ana kumadzulo, koma usiku magetsi atazima, tikuunikira ndi nyale ya sola, khomalo linaoneka lodera kwambiri.

Kodi ndi mtundu uti umene suonetsa mabala ukapukutidwa ndi nsalu yonyowa? Nanga chidebe chimodzi cha malita 20 chingakwane kupaka kawiri makoma a balaza la mamita 5 m'litali ndi 4 m'lifupi?