Kukwera njinga keliyala itadzadza

Wa ku Chilomoni: Abale inu mumakwera bwanji njinga mukamanga thumba la makala pa keliyala? Ine ndinazolowera kuponda pedulo yakumanzere, kukankha kawiri katatu kenako kuponya mwendo kumbuyo, ndiye dzulo mwendo unakola thumba ndinagwa khuu anthu akuona, manyazi ake eti.

Wa kabaza ku Lunzu: Pepani achimwene, pakakhala katundu mwendo umadutsa kutsogolo, pamwamba pa chitsulo chapakati chija. Kapena ipendeketseni kaye njingayo, lowetsani mwendo, ndiye muyambe kupalasa.

Mayi wa ku Ndirande: Ife a chitenje timangokwera yachizimayi yopanda chitsulocho basi kkkk

Wa ku Bangwe: Kutsikanso nkovuta kuno kotsetsereka, muziyamba buleki yakumbuyo, yakutsogolo yokha ikuponyani ndi makala omwe.