Mwana akulowetsa chilichonse mkamwa: tiwauze chiyani amayi pa sikelo?

Zokambirana za ogwira ntchito zaumoyo a m'boma la Mangochi.

HSA (mlangizi wa zaumoyo wa kumudzi), Malembo: Akuluakulu mwaswera bwanji. Safunsa anadya phula, ndiye ndabwera. Lachinayi ndili ndi sikelo koma mutu waima chifukwa cha makomo awiri. Khomo loyamba ndi la mayi wachitsikana, mwana wake woyamba, wa miyezi 7. Mayiyu anataya mlongo wake pa kolera uja wa 2022, ndipo mantha sanamuthere. Mwana akangoika chala mkamwa, iye amanyika kansalu mu klorini wa 1% timagawa uja n'kumupukuta manja ndi milomo. Sabata yatha wabwera naye milomo itauma, yong'alukang'aluka, ndipo wandiuza yekha kuti wayamba kumupaka tsabola m'zala kuti asiye. Khomo lachiwiri kuli agogo amene amatsala ndi mdzukulu wa miyezi 9 mayi ake akapita kukayanika usipa. Ndinamupeza mwana ali pansi, mkamwa muli dothi, nkhuku zikupalasa pambali pake. Agogo akuti mwana amalimba ndi dothi, nafenso tinakula choncho, ndipo kutsekula m'mimba kumene akutsekulako ndi mano akumera. Mwezi watha ndinaphunzitsa za majeremusi. Wachitsikana uja ndinangomuwonjezera mantha, agogo anaseka n'kunyamuka. Ndinene chiyani choti onse awiri atolepo kanthu?

HSA wamkulu, Namwera: Achimwene, wa kloriniyo musadikire naye Lachinayi. Pitani mawa m'mawa. Ngakhale m'misasa ya kolera, madzi osamba m'manja anali a 0.05%. Wa 1% ndi waukali kuwirikiza ka 20, ntchito yake ndi yothira pang'ono mu ndowa ya madzi akumwa, osati pakhungu la khanda. Tsabolayo asiye lero lomwe, mwana akangotikita m'maso ndi zala zomwezo mudzamva kulira kwake muli kwanu. Funso langa ndi lakuti botolo la kloriniyo amasunga pati? Mwana wa miyezi 7 watsala pang'ono kukwawa.

HSA, Malembo: Lili pansi pa bedi abwana. Ndinaliona ndi maso anga koma sindinaganizeko.

HSA wamkulu, Namwera: Ndiye mwaona. Akuthamangitsa majeremusi pomwe choopsa chenicheni wachiika yekha poti mwana afikepo.

Namwino, pa Boma: Ndilowepo ana anga. Cholakwika chimene timachita ambiri ndi kulankhula ngati kulowetsa zinthu mkamwa ndi khalidwe loipa loti lithetsedwe. Ayi. Khanda milomo ndi lilime lake zimamva bwino kuposa zala, ndiye likafuna kudziwa ngati chinthu n'cholimba, chofewa kapena chozizira, limafunsa pakamwa. Zimayamba pa miyezi 3 kapena 4 ndi zala zake zomwe, zimakula akayamba kugwira zinthu ndi kukwawa, kenako zimachepa zokha akamayandikira zaka ziwiri. Kutafunatafuna komweko ndi kumene kumamukonzekeretsa kudya phala lolimba ndi nsima. Nkhama zikamayabwa mano akamatuluka, cha pa miyezi 6, amafunanso choluma. Ine mwana wa miyezi 8 amene sagwira kanthu n'kupititsa kukamwa ndi amene amandidetsa nkhawa, ameneyo ndimafuna ndimuone bwino. Mayi wachitsikanayo muyambe mwamuuza kuti mwana wake akukula bwino. Mawu amenewo palibe amene wamuuza chibadwire mwanayo.

HSA, Makanjira: Koma amayi anamwino, tisawaweruze msanga agogowo. Ine ndaona pa Facebook azungu akulemba kuti ana oleredwa mwaukhondo kwambiri ndi amene amadwaladwala, dothi limalimbitsa chitetezo. Mwina agogo anadziwa kale zimene asayansi akutulukira lero?

AEHO (woyang'anira zaukhondo ndi ntchito za ma HSA), Monkey Bay: Achimwene a ku Makanjira, nkhani imeneyo ilipodi koma mwaimva theka. Inatchuka mu 1989 pamene dokotala wina wa ku Britain, David Strachan, anaona kuti ana obadwira m'mabanja a ana ambiri sankavutika kwambiri ndi chimfine cha ziwengo ngati ana a m'mabanja ang'onoang'ono. Nkhani yake ndi ya ziwengo ndi mphumu, ndipo ndi ya kumayiko kumene chimbudzi chimapita ndi madzi mu paipi osakhudza bwalo losewerera mwana. Sananene kuti mwana adye zitosi za nkhuku. Dothi la pakhomo pa agogo anuwo muli chiyani? Zitosi za nkhuku ndi abakha, ndowe za mbuzi, chimbudzi cha mwana wamkulupo chimene anangochikankhira kuseri ndi khasu, mazira a njoka za m'mimba. Ku gombe mukudziwa nokha zimene zimachitika mumchenga usiku asodzi akachuluka zimbudzi zili zochepa. Tizilombo ta pakhungu la mayi, ta mu mkaka wa m'mawere, ta pachitenje, ta m'manja mwa abale ake, timeneto inde thupi la mwana limaphunzirapo. Ta mu chimbudzi sitiphunzitsa kanthu, timangotsekula m'mimba ndi kunyentchetsa mwana. Ndiye mzere tiuike pamenepo. Kusiyanitsa kwathu kusakhale pakati pa zoyera ndi zakuda, kukhale pakati pa zokhudzana ndi chimbudzi ndi zina zonse.

HSA, Makanjira: Ndamva bwana. Komabe mawu oti majeremusi ine ndinasiya kuwatchula kumudzi. Chinthu chosaoneka munthu amachiopa mopitirira kapena sachiopa n'komwe.

AEHO, Monkey Bay: Apo ndiye mwalasa. Zitosi zimaoneka, tchulani zitosi.

HSA, Chilipa: Ine ndiyankhe za agogo, poti ndakangana nawo ambiri ndipo sindinapambanepo. Mukawauza kuti mano satsekulitsa m'mimba, mwawatcha abodza pamaso pa mpongozi wawo, basi nkhani yathera pomwepo. Chonsecho iwo zimene anaona n'zoona: ana ambiri amatsekuladi nthawi ya mano. Ine ndimavomera kaye. Ndimati agogo mwanena zoona, nthawi yake ndi yomweyi. Kenako ndimafunsa kuti nanga china chimene chimayamba pa msinkhu womwewu n'chiyani? Amayankha okha: kumwa phala, kukhala pansi, kukwawa. Ndiye ndimawonjezera kuti chitetezo chimene mwana anabadwa nacho kuchokera kwa mayi ake chimakhala chikutha cha pa miyezi 6 yomweyo. Nkhama zikuyabwa, mwana akutola chilichonse kuti alume, chotolacho chagona pa zitosi. Mano akungomutuma, chomudwalitsa ndi chimene watolacho. Akafika pamenepo ambiri amati eya, n'zomveka. Ndipo ndimawapatsa ntchito, chifukwa gogo ukamulanda ulamuliro amakuda, ukamupatsa udindo amaugwira kuposa mayi: kusesa zitosi m'mawa mwana asanatsike kumsana, kuyala mkeka pamthunzi, ndi kusunga kasupuni kapena kachipande koyera koti mwana aziluma.

HSA, Malembo: Achemwali, mkekawo umagwira ntchito? Kuno mwana akangokwawa kawiri ali kale mumchenga.

HSA, Chilipa: Ndisakunamizeni, mkeka umathandiza mwana asanayambe kukwawa. Akayamba, n'chimodzimodzi kuuza nkhuku kuti isatuluke m'lichero. Pamenepo chotsala ndi tsache ndi kusamba m'manja, makamaka manja a mwana yemweyo asanadye. Timalimbikira za manja a mayi n'kuiwala kuti dzanja lolowa mkamwa mwa mwana kakhumi pa ola ndi lake lomwe.

AEHO, Monkey Bay: Achemwali akunena zoona. Ku Zimbabwe kunachitika kafukufuku wamkulu wotchedwa SHINE, anapatsa mabanja akumudzi zimbudzi, posambira m'manja, sopo, klorini ndi malo otchinga oseweretsera mwana. Zotsatira zitatuluka, kunyentchera sikunachepe chifukwa cha zinthu zimenezo. Sizikutanthauza kuti ukhondo ulibe ntchito, koma kuti pakhomo pakadzaza zitosi, kachinthu kamodzi sikakwanira. Ndiye tisalonjeze amayi kuti mkeka uthetsa kutsekula m'mimba, adzatitenga abodza mwana akadwala. Chimene tili nacho chotsimikizika tichigwiritse: kuyamwitsa mwakathithi miyezi 6, katemera wa rota, woteteza ku kutsekula m'mimba, amene tinayamba kupereka mu 2012 pa masabata 6 ndi 10, wa typhoid amene analowa mu 2023 pa miyezi 9, vitamin A, ndi mankhwala a njoka za m'mimba a albendazole akakwanitsa chaka. Muone buku la kusikelo la mdzukuluyo ngati zonse zili m'malo.

HSA wamkulu, Namwera: Ndipo musaiwale kuti mdzukuluyo akutsekula panopa. Masiku angati? Muli magazi? Akuyamwa? Liwombo ndi maso zili bwanji? Tisatanganidwe ndi phunziro la Lachinayi mwana akutha madzi m'thupi.

HSA, Malembo: Lero ndi tsiku lachitatu, magazi mulibe, akuyamwa bwino mayi ake akabwera. Ndinasiya Thanzi ndi zinc, piritsi lathunthu la 20 mg patsiku poti wapitirira miyezi 6. Vuto agogo akuti mankhwala a chiyani pa nkhani ya mano.

HSA wamkulu, Namwera: Pitani madzulo mayi ake alipo, woyamba mumumwetse inuyo iwo akuona. Muwauze kuti zinc amalize masiku onse ngakhale kutsekula kutasiya. Ndipo thupi likatentha musalole mawu oti ndi mano, kuno ndi ku Mangochi, yezani malungo.

Clinical officer, Monkey Bay: Pepani ndalowa mochedwa, ndinali ku wodi. Ndawerenga zonse ndipo ndikuona kuti mwakamba za majeremusi okhaokha. Ine ana amene amandithamangitsa usiku chifukwa cha zolowetsa mkamwa, ambiri si a majeremusi. Ndi mtedza, njere ya chimanga, ndalama yachitsulo, mkanda woduka pa chingwe cha m'khosi, munga wa nsomba wotola pansi pa thandala. Kumagombe onjezani mbedza. Parafini wosungidwa m'botolo la zakumwa, mankhwala a makoswe oikidwa kuseri kwa chitseko, mapiritsi a agogo omangidwa pa nsonga ya chitenje. Chimene chimandiopsa koposa masiku ano ndi timabatire tozungulira tija ta m'mawotchi ndi m'tizidole toyaka magetsi togula pamsika. Kakakakamira pammero kamatha kuwotcha njira ya chakudya m'maola awiri okha, mwana akungotuluka dovu, mayi n'kumati ndi mano. Mukakayikira batire, kabaza yomweyo, musadikire kuti atuluka ndi chimbudzi. Wa parafini asamusanzitse, ukalowa m'mapapo ndiye zoopsa zenizeni. Ndikanakhala inu achimwene, theka la nthawi ya Lachinayi ndikanaphunzitsa kutsamwa. Tengani chidole. Mwana wosakwana chaka mumugoneke chafufumimba pa mkono wanu mutu uli chotsika, mumenye ndi chikhatho kasanu pakati pa mapewa. Chikapanda kutuluka mumutembenuze, zala ziwiri pakati pa chifuwa, kanikizani kasanu, n'kubwerezanso. Asapise chala mkamwa kusakasaka chinthu chimene sakuchiona, amangochikankhira mkati. Ngati akutsokomola mwamphamvu yekha, msiyeni atsokomole.

Namwino, pa Boma: Zikomo adokotala. Ndionjezere kamodzi poti tikunena zopaka mkamwa: ena amapaka uchi pa nkhama kuti mano atuluke bwino. Uchi ayi mpaka akwanitse chaka. Chala cha mayi chosambidwa ndi sopo n'chokwanira kutikita nkhama.

HSA, Makanjira: Kuno ndimachita chonchi, mwina chikuthandizani. Ndisanayambe kuphunzitsa ndimazungulira pamalo pomwe pali sikelopo ndi lichero, kutola zimene ndapeza pansi. Sindilephera kupeza chitsekerero cha botolo, kamwala, njere ya bwemba, chitosi chouma. Ndimawonjezera supuni, kapu ya pulasitiki ndi nsonga ya chitenje. Kenako amayi amasankha okha choti mwana alume ndi choti chichoke. Amakangana, amaseka, ine ndimangoweruza pamapeto. Anthu akuno ambiri ndi a Chiyao, ndiye ndimasiya mayi mmodzi wa care group, gulu lija la amayi ophunzitsa anzawo za umoyo, atsogolere m'chilankhulo chawo, zimalowa bwino kuposa Chichewa changa cha ku Dedza.

HSA, Malembo: Limeneli ndatenga. Chidole ndibwereka ku sukulu ya mkombaphala.

HSA, Malembo: Akuluakulu, ndabwera ndi lipoti la sikelo ya dzulo Lachinayi. Lichero linagwira ntchito, moti nthawi inatithera tisanayambe kuyeza ana. Pa supuni ndi chitosi panalibe mkangano. Mkangano unabuka pa chitenje, ena akuti n'choyera poti chili pathupi pa mayi, wina n'kufunsa kuti nanga si chomwecho timapukutira mwana akachita chimbudzi? Panakhala chete, kenako kuseka. Ine sindinawonjezere kanthu. Mayi wa klorini ndinapitako Lachiwiri, botolo takweza pamwamba pa khoma, tsabola wasiya, milomo ya mwana yayamba kupola. Analira nditamuuza kuti mwana wake ali bwinobwino. Kansalu sanasiye, koma pano akunyika m'madzi owiritsa, ndangomusiya. Agogo anabwera, ndipo pa chidole anali oyamba kuimirira, akuti anapulumutsapo mwana wotsamwa ndi mtedza kalekale pomugwira miyendo mutu pansi. Ndinawayamikira kenako tinakonza kagwiridwe. Mdzukulu wasiya kutsekula, zinc akumwabe. Za mano sanasinthe maganizo, akuti ndi mano basi, koma bwalo ndinalipeza losesa.

HSA, Chilipa: Asiyeni ndi mano awowo, bola tsache likuyenda.

HSA, Malembo: Chatsala n'chakuti nkhuku zimagona m'nyumba momwe mwana amagona, m'chipinda chomwecho. Ndatchula za khola, akuti akuba anawatengera zisanu chaka chatha ndipo sangayesenso.

HSA wamkulu, Namwera: Limenelo ndi la mudzi wonse, si la agogo okha. Kwathu kuno ena anavomera kuzivundikira ndi dengu lalikulu pakona ya pabalaza, pansi atathira phulusa, n'kusesa m'mawa mwana asanatsike pa mphasa. Yesani limenelo kaye. Za akuba mukazitule kwa amfumu pa msonkhano wa komiti ya zaumoyo, mutiuze zimene akayankhe.