K180,000 ya drone ya a Gift

Anabanda (wapampando): Mwaswera bwanji nonse. Loweruka ku banki m'khonde tinabalalika nkhani ya ngongole ya a Gift isanathe. Tiimalize pompano, December wayandikira ndipo sitingagawane ndalama ina ili kunja. Msungichuma, m'buku mwalembedwa zotani?

Make Tadala (msungichuma): Pa 3 August anatenga K180,000 yokonzetsera drone, kandege kawo kojambulira kaja. September anabweretsa chiwongola dzanja chokha, K36,000. Mwezi uno zii. Ndiye yafika K216,000. Iwo akuti theka lichoke m'thumba la ngozi.

Gift: Amayi anga, ngongole sindikuikana. Koma chinandigwerachi ndi ngozi, ndipo ambiri munalipo ku Senga Bay pa ukwati wa mwana wa a Chair. Mwera unali utavuta tsiku lija. Ndinanena kuti kandege kangaka ndi DJI Mini 2, sikakwana n'komwe magalamu 250, mphepo yotere sikangalimbane nayo. Anthu anati ayi, akwati akufuna aoneke kuchokera kumwamba ali m'mbali mwa nyanja. Ndinakaulutsa. Potera mphepo inakakankha, kanagwa chamutu mumchenga, gimbal n'kuwonongeka.

Gogo Nachisale: Gimbolo n'chiyaninso ana inu? Ine ndimayesa ndi kamera inasweka.

Gift: Kamera ili bwinobwino agogo. Gimbal ndi khosi la kamerayo. Mukanyamula nkhuku n'kumaigwedeza thupi, mutu umangokhala pamodzimodzi, si choncho? Ndi mmene imagwirira. Ili ndi timamota titatu, ndege ikapendekeka timamotato timabweza kamera kuti chithunzi chisagwedere. Mchenga utalowamo khosi linauma, pafoni n'kumangolemba kuti gimbal overload.

Bambo Mwale: Mchenga wokha mpaka K180,000? Bwanji osangouzira?

Gift: Ndinayesa bambo. Ndinachotsa batire, ndinapukuta ndi kaburashi kofewa, ndinapopera mpweya. Khosi linayamba kuyenda koma chithunzi kunalibe, mdima wokhawokha. Wokonza wa ku Lilongwe atatsegula anapeza kuti kachingwe kopita ku kamera kang'ambika. Ndi kopyapyala ngati pepala, kamadutsa mokhotakhota pa timamota tija. Kameneko ndi ntchito yake K45,000. Nditabwera nako kuno chithunzi chinabwerera koma chopendekeka, nyanja ikuoneka ngati ikukhuthukira ku Chipoka. Ndinachita calibration, yoti kamera idziwongole yokha, kangapo kali patebulo, osasintha. Ndinabwereranso, akuti kamkono kogwira kamera kanapindika, kuwongola ndi manja mota imathera pompo. Tinagula gimbal yochotsa ku drone ina yakufa, K110,000. Yotsalayo inathera minibasi maulendo awiri.

Bambo Mwale: Malisiti alipo?

Gift: La gimbal lilipo. La kachingwe ndinalipira pa Airtel Money, uthenga ndiutumiza.

Che Yusufu: Ine za malisiti ndilibe nazo ntchito, mnyamatayu sanama. Funso langa ndi limodzi. Chaka chatha injini ya boti langa itafa pakati pa nyengo ya usipa, ndinapempha thumba lomweli. Munandiyankha chiyani?

Mayi Phiri (mlembi): Tinati thumba la ngozi ndi la maliro, kugonekedwa m'chipatala, ndi nyumba ikapsa kapena kusasuka denga. Katundu wa bizinesi mulibe. Tinasainira tonse mu January, a Gift dzina lanu ndi lachisanu ndi chiwiri.

Che Yusufu: Basi. Ine ndinagulitsa mbuzi ziwiri. Drone ikalowa m'thumbamo, injini yanga ilowenso, ndipo mundibwezere mbuzi zanga.

Make Tadala: Ndiponso m'thumbamo muli K94,000 yokha. Tikachotsa mawa kugwe maliro tidzayang'anana.

Gift: Chabwino, za thumba ndasiya. Sindimafuna kunena izi pagulu koma mwandipanikiza. Ntchito ya ukwati ija tinagwirizana K150,000. Ndinalandira K80,000. K70,000 mpaka lero.

Bambo Mwale: Eee. Nkhani yake ndi imeneyi kodi.

Anabanda: A Gift, mwana wanga, zapakhomo panga mukuzibweretsa ku banki? Ndalamayo sindinakane. Vidiyo ili kuti? Miyezi itatu apongozi akundifunsa, ine ndikungoti ikubwera.

Gift: Vidiyo inatha kalekale amayi, ili pa flash. Ndinakuuzani kuti balansi ikabwera flash ituluka. Zakumwamba zilimo, ndinajambula kasanagwe, memory card sinawonongeke.

Anabanda: Ine ndilipire chinthu chomwe sindinachione?

Mayi Phiri: Pepani a Chair, nkhaniyi yakukhudzani ndiye simungaiweruze. Achiwiri anu atenge mpando kaye.

Gogo Nachisale: Mpando ndautenga. Anabanda, tsiku lija ndinali pambali panu, ndinu munati mwana aulutse basi, mphepo si kanthu. Musakane. Koma nanunso a Gift, chipangizo n'chanu, amene amadziwa mphamvu yake ndinu. Mukanakana tikanakumenyani? Ndiye ngongole ndi yanu yonse, gulu silinagwetse ndege.

Bambo Mwale: Ndipo ndegeyo ikugwira ntchito. Lamlungu ndinaiona ikuzungulira pa loji ina ku Senga Bay. Sinali yanu a Gift?

Gift: Inali yanga. Alipira kumapeto kwa mwezi.

Gogo Nachisale: Ndiye timvane chonchi. Loweruka a Gift abwere ndi flash ndi laputopu, Anabanda abwere ndi K70,000. Tionere limodzi pakhonde pompo, ndalamayo ipite m'manja mwa msungichuma, osadutsa m'thumba la a Gift. Itsala K146,000. Imeneyo ithe pofika pa 30 November.

Make Tadala: Nanga chiwongola dzanja cha November? Nanga chindapusa chochedwetsa? Malamulo akuti K5,000.

Gift: Chindapusa apereke amene anandichedwetsa.

Anabanda: Iii koma mwana uyu.

Che Yusufu: Chiwongola dzanja chiwerengedwe pa yotsalayo, asakhululukidwe, tonse timalipira. Koma chindapusa agawane, K2,500 aliyense. Wina anagwira flash, wina anagwira ndalama.

Mayi Phiri: Ovomereza alembe eya. Ndawerenga 11 mwa 16, ena data yawathera. Zadutsa. Ikafika pa 30 November isanathe tidula ku masheya anu a Gift, mwamva?

Gift: Ndamva amayi.

Anabanda: K70,000 ndibweretsa. Koma ndikapeza kuti apongozi anga sakuoneka bwino muvidiyomo, tikambirananso.

Gogo Nachisale: A Gift, ndegeyo mubwere nayo Loweruka ndidzaone khosi la nkhukulo. Koma musadzaiulutse, pakhomo panga pali mchenga.