Milandu iwiri, waranti imodzi: mkaidiyu atuluka liti?

Wa ku resepishoni ya ndende, Petauke: Akuluakulu, tithandizane masamu. Mkaidi anagwidwa pa 5 January 2025, khoti linamuweruza mu April. Mlandu woyamba miyezi 18, wachiwiri miyezi 12. Waranti, chikalata cha khoti chotsekera mkaidi m'ndende, ikuti chilango chiyambire tsiku logwidwa. Achibale akuti atuluka January, mnzanga muofesi akuti September.

Kalaliki wa khoti, Chipata: Onse awiri angakhale olondola, a bwana. Onani mawu amodzi pa waranti: "concurrent" kapena "consecutive". Ngati zilango zikuyendera limodzi, chachikulu chimameza chaching'ono, muwerenge 18 basi. Ngati zikutsatizana ndi miyezi 30. Pakakhala posalembedwa bwino musaganizire, bwezani waranti ku khoti lomwe linaweruza, majisitireti akonze ndi kusaina.

Wa ku resepishoni, Petauke: Yalembedwa "concurrent".

Ofisala wa malekodi, Katete: Ndiye zaphweka. Miyezi 18 kuchokera pa 5 January 2025 ikutha pa 4 July 2026, osati pa 5, chifukwa tsiku loyambalo limawerengedwa. Apa ndi pomwe ambiri amaphonya. Remisheni, nthawi yomwe mkaidi amachotseredwa pa chilango, ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, miyezi 6, kutifikitsa pa 4 January 2026. Limenelo ndi Sondo, ndipo tsiku likagwera pa Sondo kapena pa holide munthu amatuluka dzulo lake, sagonekedwa kufikira Lolemba. Choncho Loweruka pa 3.

Mukawerenga ndi masiku: onse ndi 546, remisheni 182, otsala 364. Mufikanso pa 3 January pomwepo. September wa mnzanuyo wachokera pa miyezi 30 kuchotsa 10.

Ofisala wamkulu, Lundazi: Masamu ali bwino, koma musalembe tsikulo m'buku musanatsegule fayilo yonse. Remisheni si mphatso, imapezedwa ndi khalidwe ndi ntchito. Ngati anapalamula mkati nalandidwa masiku, muwonjezere masikuwo pa tsiku lotuluka, kenaka muonenso kalendala. Onaninso ngati palibe waranti ina ya rimandi, yomusunga poyembekeza mlandu wina. Ikakhalapo, pa 3 achoka ku gulu la oweruzidwa kupita kwa oyembekeza mlandu, chipata sachiona.

Achibale akafunsa za chikhululukiro cha Pulezidenti, chija chimalengezedwa kawirikawiri pa 25 May kapena 24 October, auzeni kuti sichilowa m'masamu athu mpaka dzina litabwera pa pepala.

Wa ku resepishoni, Petauke: Ndatsegula fayilo. Analandidwa masiku 7, rimandi ina palibe. Ndalemba Loweruka, 10 January 2026. Zikomo akuluakulu.