Kodi a Montgomery onsewa ndi pachibale?

Abale, ndithandizeni. Ndimasamalira kalaibulale ka pasukulu pathu. Dzulo mtsikana wa Fomu 3 anabweza buku la Lucy Maud Montgomery, lija la mwana wamasiye wa ku Prince Edward Island ku Canada lomwe linatuluka mu 1908. Chikuto chake chinatha kalekale, ndinachita kumata ndi tepi. Ndiye akuti, "Madamu, mayiwa ndi achibale a Bernard Montgomery?" Amanena mkulu wa asilikali a Britain uja anagonjetsa Rommel, mkulu wa asilikali a Germany, ku El Alamein ku Egypt mu 1942. Aphunzitsi a mbiri anawonjezeranso wina, Richard Montgomery, wobadwira ku Ireland, amene anafera pankhondo ku Quebec mu 1775.

Dzinali linachokera ku Normandy, ku France, n'kuwolokera ku England m'nthawi ya William, mtsogoleri wa ku Normandy amene anagonjetsa England. Koma kwathu kuno a Phiri awiri akakumana timati mfunda ndi umodzi, ngakhale asakudziwana. Nanga kwa azungu zimayenda choncho?

Mwanayu akufunanso mabanja opeka a dzinali, a m'mabuku kapena m'mafilimu. Amene mukudziwako ndiuzeni, ndinamulonjeza yankho Lachisanu.