Wotchi yanga yatsopano ikuthamanga, kodi ndi feki?

Wa ku Chilomoni:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Alamu anga anandibweretsera wotchi kuchokera ku Johannesburg, yopanda batire ija, yoyendera kugwedeza kwa mkono. Ndinaitchera pa nthawi ya pafoni Lolemba m'mawa, koma pofika Lamlungu inali itatsogola ndi mphindi zitatu. Ulendo wina ndinaivula Lachisanu nditaweruka, Lolemba ndinaipeza itaima pa 11 koloko. Kawotchi kanga ka batire kogula ku Limbe sikanandichitepo zoterezi. Kodi alamuwo anawapusitsa? Kuwafunsa ndikuchita manyazi.

Wokonza mawotchi:
Achimwene, alamuwo asiyeni, sanalakwe. Mphindi zitatu pa masiku 6 ndi masekondi 30 patsiku, ndipo kwa mawotchi a mtengo wapakati si zachilendo. Mwachitsanzo, makina a Seiko 4R36 eniake amanena kuti angatsogole masekondi 45 kapena kutsalira 35 patsiku. Oyesedwa ndi bungwe loyesa mawotchi la COSC ku Switzerland amasunga malire a masekondi 4 m'mbuyo ndi 6 kutsogolo, koma mtengo wake mutha kugulira poloti.

Za kuimazo, sipuling'i yake ikadzaza imakoka maola 40 kapena kuposerapo pang'ono. Werengani kuchokera Lachisanu madzulo, mupeza kuti inafa Lamlungu chakumasana. Musafanizire ndi ya batire. M'menemo muli kamwala ka quartz konjenjemera ka 32,768 pa sekondi, pomwe zambiri za mtundu wa yanuyo zimagunda kasanu ndi kamodzi kapena kasanu ndi katatu basi.

Mayi wa ku Area 25:
Funso langa ndi lakuti usiku mumaigoneka pati? Ya bambo a kunyumba inayamba kutsogola mphindi zinayi tsiku limodzi lokha, mpaka anakafika kutchalitchi mabenchi ali mbee. Kani ankaiika pamwamba pa sipika ya wailesi. Maginito amamatitsa kasipuling'i kopyapyala ngati tsitsi kam'katimo, ndiye wotchi imangothamanga. Okonza anaiika pa kamakina kochotsa maginito, osaitsegula n'komwe, inachira pomwepo.

Wokonza mawotchi:
Zoona mayi, koma ya achimwenewa masekondi 30 sindikuganizira maginito. Muivale tsiku lililonse kwa milungu iwiri, muzilemba kusiyana kwake m'mawa uliwonse. Usiku yesani kuigoneka cham'mbali, kabatani kotcherera kali m'mwamba, zambiri zimabwezako liwiro. Chonde musaitsegule ndi mpeni, fumbi likalowa mulira.

Wa ku Chilomoni:
Zikomo nonse. Ine ndimaiika pa laputopu usiku, lero ndiisamutsira pa shelefu. Kope lolembamo ndabwereka la mwana.