Kodi zala za nyama zidasiyana bwanji chonchi?

Moni nonse akuluakulu. Ndine mphunzitsi wa sayansi kuno ku Nsanje, ndipo ophunzira anga andifunsa funso limene landisowetsa mtendere. Ng'ona za mumtsinje wa Shire zili ndi zala 5 kumiyendo yakutsogolo koma 4 kumbuyo, mvuu ili ndi 4, pamene mbuzi imapondera ziboda ziwiri zokha. Ndafufuza m'mabuku a pasukulu pathu, ndafunsanso aphunzitsi anzanga ku Chikwawa, koma chimene ndapeza n'chakuti Acanthostega, nyama imene mafupa ake adapezeka ku Greenland, idali ndi zala 8 zaka pafupifupi 365 miliyoni zapitazo. Kodi chidachititsa n'chiyani kuti zala zitsike kufika pa 5, kenako n'kucheperanso mwa nyama zina? Chonde ndithandizeni, pakuti sindifuna kuwanamiza anawa.